Loonie, double-double ndi hydro: Chingerezi cha m'misewu ya Toronto

Mukatera pa bwalo la ndege la Pearson ku Toronto, m'dziko la Canada, Chingerezi cha kusukulu chimakutulutsani pakhomo basi. Kunjaku kuli mawu ena, ndipo ambiri amakhudza thumba.

Kobidi la dola imodzi amaliti loonie, kutengera mbalame ya m'madzi yotchedwa loon yomwe ili pa kobidilo kuyambira 1987. La madola awiri, lomwe linabwera mu 1996, ndi toonie. Loonie musamusowe m'thumba: m'masitolo ena ngolo zoguliramo katundu amazimanga pa tcheni, sizimasuka mpaka mutalowetsa kobidi. Kobidi la senti imodzi analisiya mu 2013, motero polipira ndi ndalama zapamanja $4.02 imakhala $4.00, pamene $4.03 imakwera kufika $4.05. Wogulitsayo sanakubereni ayi.

Khofi wa m'mawa ambiri amagula ku malo ogulitsira khofi a Tim Hortons, omwe anthu akumeneko amangoti Timmies. Mzere umathamanga, ndiye fikani mukudziwa kale chonena. Double-double ndi khofi wothira kirimu kawiri, shuga kawiri. Amatsekemera ngati wa mwana. Alendo amagwa pa mawu oti regular, poganiza kuti ndi khofi wopanda kanthu, chikhalirecho ndi kirimu kamodzi, shuga kamodzi. Wopanda zonsezi ndi black.

Mawu odula kwambiri ndi hydro. M'zigawo za Ontario (komwe kuli Toronto), Manitoba ndi British Columbia amatanthauza magetsi, osati madzi, chifukwa makampani amagetsi kumeneko anakulira pa mphamvu ya mitsinje, monga ife ndi Nkula pa Shire. Chikalata cha lendi chikati "hydro extra", bilu ya magetsi ndi yanu. Funsani ngati nyumbayo imafunditsidwa ndi magetsi, popeza mu Januwale biluyo imatupa zoopsa.

Chipewa choluka chophimba makutu ndi toque, kutchula kwake "tuuk". Chimbudzi funsani kuti washroom. Mtunda amauwerenga mu klicks, kutanthauza makilomita.

Nanga eh wotchukayo? Ndi "eti?" wathu yemwe: "Cold, eh?" akufuna mungovomera. Koma musamumwaze paliponse, amamva msanga kuti mukuwatsanzira. Sorry nayenso sikuvomera mlandu. Mutamuponda munthu phazi m'basi, iye ndi amene angayambe kupepesa.

Mawu ena sayenda mtunda. Kagolosale ka pakona mumzinda wa Montreal ndi dep, chidule cha dépanneur ya Chifalansa, koma ku Toronto sadzakumvani. Juzi yokhala ndi chipewa chake m'chigawo cha Saskatchewan amaiti bunny hug.