Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Peni ya m'firiji

Ndabweranso abale anga. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti nkhani ya msana ija inathera pati, poti gawo lapitali ndinakusiyani ndili chigonere pa bedi la X-ray. Zikomo amayi a ku Machinjiri amene mumandilembera Lamulungu lililonse, zikomonso achimwene a ku Leeds chifukwa cha pemphero lalitali lija, ndinaliwerenga mpaka pa ameni. Inu amene munalemba kuti "mungodya usipa ndi bonya, mafupa alimba okha," sindinakukwiyireni. Usipa ndimadya, bonya akafika ndi mabasi ndimagula, ndipo kashiamu alimodi. Koma pamene ine ndinali nditafika, ngakhale mukanandivuulira usipa wonse wa ku Nkhata Bay sindikanadzuka.

Mukukumbukira kuti nyamakazi yotupitsa mfundo ija inandigwira mu 2014, ndipo kuyambira pamenepo ndinkamwa prednisone. Sindingamunyoze prednisone. Ndiye anandibwezera zala zanga, ndikumatha kumanga mabatani a yunifolomu ndi kusambitsa agogo a kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Joni. Zaka zinadutsa choncho. Koma mankhwala amenewa ukawamwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa osamva kuwawa kulikonse, ndipo ine ndinasiyanso kusamba msanga, zomwe zimathamangitsa vutolo. Anandiyambitsa alendronate, piritsi la kamodzi pa sabata lomwe umamwa m'mamawa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi odzaza tambula, kenako osagona kwa mphindi 30. Ndinkamwa mosadumphitsa. Msana unathyokabe, mafupa awiri, chifukwa cha ndowa ya zochapa basi.

Atandiunika pa makina a DXA, oyezera kulimba kwa mafupa, nambala imene amaitcha T-score inatuluka -3.6 pa msana. Adokotala anandiuza kuti osteoporosis, matenda a kufooka kwa mafupa, imayambira pa -2.5. Anandiyezanso msinkhu, ndinali nditafupika masentimita 4. Chimenechi chinandipweteka kuposa nambala ija, chifukwa ndinazindikira chomwe masiketi anga ankakwekwerera pansi.

Adokotala aja, mayi wachimwenye wodekha kwambiri, anandifotokozera motere. Alendronate ali ngati mankhwala othamangitsa chiswe: amaletsa kuti denga lisadyedwenso, koma mitengo imene yadyedwa kale sabwezera. Inu pakufunika mmisiri woika mitengo yatsopano. Mmisiriyo dzina lake teriparatide, pabokosi analemba Forteo. Ndi kachidutswa ka homoni imene thupi limapanga lokha m'tiziwalo tinayi ta kuseri kwa chithokomiro. Chodabwitsa chake n'chakuti homoni imeneyi ikachuluka m'magazi tsiku lonse imakokolola mafupa, koma ikalowa pang'ono kamodzi patsiku n'kutha msanga, imadzutsa maselo omanga fupa. N'chifukwa chake umadzibaya tsiku ndi tsiku, ma microgram 20, kwa miyezi 24.

Ndinavomera ndi mutu, ndikumwetulira. Kumwetulirako kunathera ku famase. Mtsikana wa pakauntala atanditembenuzira kompyuta kuti ndione mtengo wa peni imodzi yodzibayira mankhwalawa, ya masiku 28 okha, ndinamufunsa ngati ndi wa chaka. Peni imodzi inkaposa lendi ya chipinda changa.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ena munalemba kuti "si muli pa medical aid inu?" Ndilipodi, abwana amadula pa malipiro mwezi uliwonse. Koma kuno ku South Africa kuli mndandanda wa matenda a mgonagona amene lamulo limakakamiza medical aid iliyonse kulipira: shuga, BP, mphumu, khunyu, HIV, ngakhale nyamakazi yangayi ilipo. Osteoporosis palibe. Ndiye taonani zake: prednisone amene anandidya mafupa ankalipira popanda funso, koma mankhwala obwezera mafupawo anati si udindo wawo. Adokotala analemba kalata, a medical aid anakana. Analembanso ataphatikiza zithunzi za msana ndi umboni woti alendronate walephera. Pamapeto pake anavomera kulipira gawo lina, lotsalalo langa. Lotsalalo silinali la masewera.

Mmene ndinkapezera ndalamayo sindibisa. Amayi anzanga a kutchalitchi, amene timachita nawo chipereganyu, anagwirizana kuti ine ndilandire koyamba ngakhale dzina langa linali kumapeto. Mulungu awadalitse, ena mwa iwo amawerenga pano. Ndinayamba kugwira mashifiti a usiku, oyang'anira chabe, osanyamula munthu. Ndinasiya kutumiza ndalama kumudzi kupatula ya amayi. Ndipo chakumapeto kwa 2022 ndinagulitsa puloti yanga ya pa boma ku Ntcheu, ija ndinakuonetsani chithunzi chake njerwa zitaunjikidwa. Inde, ija.

Kudzibaya sikunandivute monga ndinkaopera. Singano yake ndi kakang'ono kwambiri, umaika yatsopano tsiku lililonse. Ndinkatsina khungu la pantchafu kapena pamimba, kupukuta ndi thonje, kubaya, kudina batani, kuwerenga pang'onopang'ono mpaka faifi, basi. Masiku oyamba ndinkachita chizungulire, choncho ndinkabaya nditakhala pabedi. Usiku miyendo inkakokana. Zonsezo ndinazolowera. Chimene sindinazolowere mpaka kumaliza n'chakuti tsiku la 28 likakwana peni umataya, ngakhale ukuona ndi maso ako kuti mankhwala atsalamo pang'ono pansi. Ndinkaiyang'anitsitsa pa windo, kamadzi koyera kakugwedezeka m'katimo, ndikuwerengera kuti kameneka n'kokwana matumba angati a simenti. Kenako n'kuponya m'chigubu chachikasu cha masingano.

Peniyo imafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ukangobaya uibweze m'firiji. Isatenthe, komanso isaume ngati ayezi, ikauma yawonongeka. Firiji ya pamene ndimakhala ndi ya tonse a pabwalo, choncho ndinkaiika m'kontena ya majarini, nditamanga ndi labala n'kulembapo dzina langa. Ndiye munafika 2023, chaka chimene load shedding inalusa. Amene munali kuno mukudziwa za Stage 6, magetsi kuzima maola anayi, kuyaka pang'ono, kuzimanso. Anzanga ankadandaula za nyama, ine ndinkadandaula za puloti yanga imene inali m'kontena ya majarini. Ndinkaumitsa mabotolo a madzi magetsi akayaka, akazima n'kuwaika m'kabokosi kozizira, peni nditaikulunga kathaulo kuti isakhudze ayezi. Mnyamata wa chipinda choyandikana nane anali ndi chizolowezi chotsegula firiji n'kumaganiza ali chiimire. Tinakangana, koma pano timapatsana moni.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizemba.

M'chaka chomwecho amalume anga anamwalira, aja anandilipirira sukulu bambo atatisiya. Uthenga unandipeza ndili pa shifiti ya usiku. Ndinakhala pansi m'khonde la ku ntchito, foni ili m'manja, ndikuwerengera njira. Basi kuchoka Johannesburg, kuima pa Beitbridge maola osadziwika, kudutsa Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, kenako Mwanza. Masiku awiri pampando, ndi msana umene unali usanagwirane bwino. Ayezi sangapirire ulendo umenewo. Kumudzi kwathu magetsi kulibe. Ndalama ya ndege inali itapita ku famase sabata yomweyo. Ndinawerengera mobwerezabwereza ngati yankho lisintha, silinasinthe. Sindinapite.

Mwambo wa maliro ndinaumvera pa foni. Mdzukulu wina anaimba n'kuika foni m'thumba la malaya, ndiye ndinkamva nyimbo za amayi a Mvano mosakanikirana ndi kukhuluzika kwa nsalu ndi kupuma kwake. Ndinamva amayi anga akulira, mawu awo ndingawazindikire pakati pa anthu chikwi. Ndinamva makasu. Foni inaduka pamene abusa ankayamba pemphero lomaliza, mayunitsi atatha, ndipo ine ndinali ndekha m'chipinda, magetsi atazima, ndikulira mogwira m'chiuno chifukwa ngakhale kulira kunkandipweteka msana. Nthawi yobaya itakwana madzulo amenewo ndinabayabe, manja akunjenjemera.

Patapita masiku ochepa alamu anga anatumiza voice note pa gulu la banja la WhatsApp. Sindinaifufute. Anati ndasanduka mtchona, ndagulitsa malo kuti ndizidzibaya majakisoni a azungu pamene munthu amene anandiphunzitsa akuikidwa ngati alibe mwana. Anatinso matenda a mafupa ndi a nkhalamba, ine ndikungodzikometsera. Gulu lonse linakhala chete, palibe anandiyankhira.

Alamu, ndikudziwa mumawerenga, chifukwa zimene ndimalemba pano zimafika kumudzi ndisanazitumize. Ndikuyankheni lero mwaulemu. Bokosi limene amalume anagonamo ndinagula ndine, ndi ndalama yobwereka kwa abwana, ndipo inu mukudziwa chifukwa munakalandira ndinu. Puloti inali yanga, ya thukuta langa. Ku ntchito kwanga ndimaona tsiku ndi tsiku zimene zimachitika munthu akathyoka fupa la m'chiuno: ambiri sayendanso okha. Ndikanafika pamenepo, amene akananditembenuza pamphasa ndi kunditawasa ndi amayi a zaka zopitirira 70, osati inu. Za unkhalamba, bwerani mudzaone zithunzi za msana wanga, ndinazisunga.

Amayi okha ndiwo anandiimbira usiku wake. Anangoti, "Mwanawe, wabaya lero?" Nditi eya. Ati, "Basi, usadumphitse."

Chaka chachiwiri chinadutsa popanda nkhani. Ndinamaliza miyezi 24 chakumapeto kwa 2024. DXA yatsopano inaonetsa kuti msana wakwera bwino, m'chiuno mwakwera pang'ono chabe, ndipo chiyambireni jakisoni sindinathyokenso fupa. Msinkhu wokha sunabwerere, masiketi ndinakapinditsa kwa atelala. Prednisone adokotala a nyamakazi anamutsitsa kwambiri atandisinthira mankhwala ena.

Amene mukuganiza kuti ukamaliza peni wamaliza zonse, ayi. Ukangosiya osaikapo china, fupa limene wamangalo limayambanso kutha. Choncho anandiika pa zoledronic acid, diripi ya kamodzi pachaka. Yoyamba inandipatsa kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo kwa masiku angapo, koma mtengo wake ndi wopumira, ndipo safuna firiji yanga. Kashiamu ndi vitamini D ndikumwabe. Ngongole ya abwana yatsala pang'ono.

Mayi wa ku Durban amene munandifunsa mmene adokotala analembera kalata yachiwiri ija, ndilembereni ku inbox ndikuuzeni zimene anaphatikizamo. Gawo likubwerali ndidzakamba za ulendo wanga wokaona manda a amalume, ndi zimene zinachitika pamene ine ndi alamu tinakumana maso ndi maso pa msika wa Tsangano.