Purosesa yanga inapirira Juni, n'kudzagwa mu Okutobala

Kompyuta yomwe ndikuphunzirirapo kukonza mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati ndi ya kaunjika. Mkati mwake muli purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5-2500K, ya m'chaka cha 2011. Ndi yokalamba, koma chilembo cha K chija chimatanthauza kuti multiplier yake, nambala yochulukitsira liwiro, sinatsekedwe, ndiye ngati bodi yako (motherboard, pomwe purosesa imakhala) ndi ya P67 kapena Z68 ukhoza kuithamangitsa kuposa mmene inabwerera. Yanga ndi Z68. Masamu ake ndi a ku pulayimale: wotchi yapansi imayenda pa 100 MHz, ukachulukitsa ndi 33 upeza 3.3 GHz, ndipo ntchito ikakula imadzikoka yokha mpaka 3.7. Usiku wina mu Juni ndinalowa mu BIOS, momwe mumasinthidwira makonzedwe a bodi, n'kulemba 45 m'malo mwa 33, kutanthauza 4.5 GHz, voteji ndinaika pa 1.30.

Inayaka bwinobwino. Ndinatsegula Prime95, pulogalamu yoyesera purosesa poipanikiza ndi masamu olemera, kwa mphindi 20, sinadandaule, ndinati basi zatheka. Amene mumaidziwa Mzuzu mukudziwa Juni wa kuno: nkhungu imadzuka nafe, ku Chibavi kuno timagona ndi majuzi, zala zimauma pa kiyibodi. Sindinaganizeko kuti kuzizira komweko ndi kumene kunkaigwirira ntchito purosesa yanga.

Mu Okutobala, malata atayamba kulira ndi dzuwa, inagwa. Vidiyo ya chinkhoswe china yomwe ndinkakonza ili pakatikati, sikirini inangosanduka ya buluu. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu inangothima phee, osalemba kanthu. Madzulo omwewo ndinakweza voteji kufika pa 1.40, ndinasintha liwiro la RAM (memore ya kompyuta), ndinakhudzanso zina ziwiri zomwe ndinkangozidziwa mayina. Zotsatira zake mafani ankazungulira koma sikirini ili bii. Ndinachita kuchotsa kabatire ka CR2032 kamene kamakhala pa bodi, n'kudikira pang'ono, kuti BIOS iiwale zonse ndinaiuza.

M'tauni muli achikulire ena okonza makompyuta amene ndimakonda kukhala pa benchi lawo ndikaweruka. Nditawafotokozera anandifunsa funso limodzi.

"Isanathime inalemba chiyani?"

"Sindinawerenge, achikulire. Ndinangoona buluu."

"Nanga mwa zinthu zinayi wasinthazo, chathandiza n'chiti, chaononga n'chiti? Mphwanga, kagule kope. Ubweze zonse mmene zinalili, kenaka uzisintha chimodzi, uyese, ulembe."

Kope ndinagula la masamba 40, ndipo phunziro lenileni linayambira pamenepo. Choyamba ndinaona kuti kugwa kumene ndinkakutcha dzina limodzi kunali kosiyanasiyana. Sikirini ya buluu ija inkalemba WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, nambala yake 0x124. Apa ndiye kuti chipangizo chenichenicho, nthawi zambiri purosesa, chadziulula chokha kuti chalakwitsa ndipo sichingathe kudzikonza. Kamodzi inalemba CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT, 0x101, kutanthauza kuti imodzi mwa ma core anayi, zigawo za purosesa zomwe zimawerengera, yasiya kuyankha anzake akuidikira. Pa makina othamangitsidwa, ziwirizi kawirikawiri zimaloza ku voteji yosakwanira liwiro lomwe wapempha.

Kuthima kwa phee kuja kunali nkhani ina. Mu Event Viewer, kaundula wa Windows wa zochitika, ndinapezamo uthenga wa Kernel-Power 41 kambirimbiri, ndipo ndinataya masiku awiri ndikuyesa kuti ndagwira wakuba. Uthengawu sunena chifukwa. Umangonena kuti kompyuta inayakanso isanatsekedwe mwa dongosolo, ndipo umabwera ngakhale wina atapunthwa pa chingwe. Nditayamba kulemba nthawi m'kope ndinapeza kuti kawiri konse inathima pamene babu la m'chipinda linaphethira. Magetsi a pakhoma ndiwo anatsika, purosesa inalibe mlandu.

Kenaka ndinayamba kuchotsa okayikiridwa mmodzimmodzi. Pa 33, popanda chosintha chilichonse, Prime95 inayenda maola atatu osagwa, ndiye kuti makinawo pawokha ndi amoyo. RAM yanga ndi DDR3 yoyenda pa 1600 kudzera mu XMP, makonzedwe a mu BIOS okweza liwiro la RAM, pamene Intel analonjeza 1333 yokha pa purosesa imeneyi, choncho nakonso n'kuthamangitsa ndithu ngakhale ambiri sitikuwerengera. Ndinaika MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi n'kuisiya usiku wonse. Kutacha panalibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndinalemba kuti RAM yapulumuka.

Nditabwerera pa 45 ndinatsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa zipangizo, pambali, maso pa kutentha. Mphindi zochepa chabe za mayeso a Prime95 otchedwa Small FFTs, manambala anadutsa 90. Purosesa imeneyi malire ake ndi madigiri 98, ikafika pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ndinathimitsa, ndinamasula chivundikiro. Pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo ta heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, panali fumbi lolukana ngati kabulangete, loti ndinalinyamula ndi zala lonse limodzi. Paste ya pansi pake, phala lodutsitsa kutentha kuchoka pa purosesa, inali itauma n'kung'aluka ngati dothi la padambo m'chilimwe. Ndinapukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti mpaka chitsulo chinawala, ndinadontheza yatsopano yofanana ndi njere ya nandolo pakati, n'kumanga zomangira mopingasa kuti ikhale mofanana mbali zonse.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake 1.40 ija inangowonjezera moto. Purosesa ikatentha imafuna voteji yochulukirapo kuti isalakwitse pa liwiro lomwelo, ndiye ndinali ndi mbali ya choonadi. Koma mphamvu yomwe imadya imakwera molingana ndi voteji kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Kuchoka pa 1.30 kufika pa 1.40 kumaoneka ngati kaphazi kamodzi, koma ukawerengera ndi pafupifupi 16 peresenti ya kutentha kowonjezera, pa heatsink yomwe inali itafunda kale bulangete la fumbi. Ndinkathira mafuta pamoto ndikuganiza kuti ndikuuzimitsa.

China chomwe sindikanachiona popanda kope ndi ichi. Mu BIOS ndinalemba 1.30, koma pulogalamu ya CPU-Z inkaonetsa 1.26 ntchito ikangoyamba. Kutsikaku amakutcha Vdroop, ndipo si matenda, n'kwadala: kumateteza purosesa kuti voteji isalumphe mopitirira pamene ntchito yolemera yatha mwadzidzidzi. Mu BIOS muli Load-Line Calibration, yomwe imachepetsa kutsikako. Ambiri amaikankhira kumapeto, ine ndinaisiya pakati, chifukwa purosesa ya zaka zoposa khumi sindikufuna kuidzidzimutsa.

Chomwe chinandiopsa kwambiri sichinali sikirini ya buluu. Tsiku lina pa 44, Windows ili bwinobwino, nyimbo ikulira, ndinaona kuti mwa mawindo anayi a Prime95 limodzi laima, litalemba kuti yankho lomwe lapeza silikugwirizana ndi loyembekezeka. Core imodzi inaphonya samu mwakachetechete, kompyuta osagwa. Ndinaganiza za vidiyo ya ukwati wa anthu, tsiku lomwe silibwerezedwa, itatuluka ndi chilema chomwe ine sindinachione. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa ngati yayaka. Ndimafunsa ngati mawindo onse anayi akuyendabe.

Ndinatsikira pa 43, voteji 1.28. Inayenda usiku wonse, koma usiku wa ku Mzuzu ndinali nditasiya kuukhulupirira, choncho ndinaiyesanso Loweruka kuyambira 12 koloko masana mpaka 4 koloko, zenera lotseka, malata akutentha. Kutentha kunaima m'ma 70, mawindo anayi onse amoyo. Ndinapita ndi kope lija kwa achikulire, anatsegula tsamba ndi tsamba osalankhula, kenaka analoza mzere wa babu lophethira uja n'kunena kuti ndalama yoyamba ya vidiyo ndigulire UPS, bokosi la batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akatsika, osati fani yatsopano.

Vidiyo ya chinkhoswe ija ndinaimaliza Lamulungu madzulo, ndinaionera yonse kuyambira poyamba mpaka pomwe ankhoswe akutsanzikana, ndipo eniake anadzaitenga Lolemba. Pa tsamba lotsatira la kope ndalembapo 44 ndi deti la mu Okutobala wa chaka chamawa, 2 koloko masana.