Masiku atatu paphiri la Mulanje

Tinanyamuka pa Likhubula kusanache, ine ndi mlamu wanga, kutsogolo kuli mnyamata wotiperekeza atasenza chikwama cha ufa, usipa ndi mabulangete. Njira ya Skyline yopita ku Chambe ndi chitunda chokhachokha. Dzuwa lisanafike paliwombo miyendo inali itayamba kale kunjenjemera, koma ndikati ndicheuke ndinkaona midzi ya kumunsi itachepa ngati nyerere, mphamvu n'kubwereramo.

Tinagona m'kanyumba ka alendo ka pa Chambe. Kunja kunkazizira kolowa m'mafupa, ndipo tonse tinaunjikana pamoto n'kumapuliza tiyi m'makapu achitsulo. M'mawa mwake, tikulowera ku Chisepo, ndi pomwe mtima wanga unawawa. Tinadutsa zitsa za mkungudza zambirimbiri, zina zakuda ndi moto. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe umamera paphiri lokhali basi. Ndinatola kachibanthu kamodzi n'kununkhiza. Fungo lake linali likadalipo, lokoma ngati kuti audula dzulo. Ndinakaika m'thumba, ndipo kanthawi ndithu sindinayankhule ndi munthu.

Madzulo mnyamata uja anatilangiza motsitsa mawu. "Achimwene, mukapeza nthochi zakupsa kapena nsima pamwala, idyani nokha, osaitana mnzanu. Ndipo kumtundaku sitilozaloza kapena kukuwa." Palibe anatsutsa. Ukakhala pansi pa nsonga yomwe makolo anaitcha Sapitwa, mawu otere umawasunga.

Kuchokera pa Chisepo mpaka pansonga sikuyenda ayi, n'kukwawa. Pena umagwira thanthwe ndi manja onse awiri, pena umalowa chafufumimba kunsi kwa miyala ikuluikulu ngati nyumba, chikwama uli kukankhira kutsogolo. Titafika pamwamba, mamita 3,002, mphepo inkachita kutikankha. Kumpoto nyanja ya Chilwa inkanyezimira, kum'mawa mapiri a ku Mozambique atandandalika mpaka pomwe maso amalekezera. Sitinakhalitse. Chifunga cha chiperoni chinayamba kukwera m'zigwa, ndipo wotiperekeza anati tizitsika msanga chisanatitseke njira.

Tsiku lachitatu tinatsikira njira ya Chapaluka n'kuima pa Dziwe la Nkhalamba. Ndinavula nsapato n'kuviika mapazi otupawo m'madzi ozizira ngati ayezi, mathithi akusokosera m'makutu. Mlamu wanga anadumphiramo ndi zovala zomwe.