Chimfine chatsikira m'mimba

Lachinayi usiku, kuno ku Matawale. Chiperoni chakana kuchoka, phiri la Zomba sindinalione kuyambira Lolemba.

Azakhali anafika masana ndi thobwa m'chigubu, ndi makapisozi a amoxicillin ogula pa okala, atawakulunga m'kapepala. Atamva kuti kuwonjezera pa chifuwa ndi mamina ndayambanso kutsegula m'mimba, sanachedwe. "Iwe, chimfine chimenechi chatsikira m'mimba. Imwa awiri pompano." Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati azakhali, mphuno ndi matumbo n'kutalitali. Anangondiyang'ana ngati mwana wosamva, nkumapita.

Ndiye ndinaimbira mwana wawo, msuweni wanga uja ndi namwino, kuti andiikire kumbuyo. Iye nkuti, "Amayi sakunama kwenikweni, iwe ndi amene ukudzimva." Zinandiwawa kuposa pakhosi.

Akuti kavairasi ka fuluwenza kamakhaladi m'mphuno, pakhosi ndi m'mapapo. Koma thupi likayamba kulimbana nako limatulutsa zinthu zodzitetezera monga interferon, zomwe zimayenda ndi magazi mpaka m'matumbo. Kumeneko n'kumene kumakhala ambiri mwa mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni omwe munthu amayenda nawo. Pa mbewa zimene ofufuza anazipatsa fuluwenza, mabakiteriya abwino monga Lactobacillus ankachepa, ovutitsa, abale ake a E. coli, nkuchuluka. Mbewa! Ife timaziotcha, anzathu akuzipima chimbudzi.

Kenako anandifunsa kuti ndadya chiyani kuyambira Lolemba. Tiyi, Panado, ndi theka la sikono. Anati ndiye vuto linanso limenelo: munthu ukasiya kudya, tizilombo tabwinoto timagonanso ndi njala. Chakudya chake ndi gaga wa mu mgaiwa, nyemba, bonongwe, ndipo tizilomboti tikadya timapanga timaasidi tothandiza chitetezo cha m'mapapo momwemo. Mbewa zimene timaasidito tinachepa, chibayo chinkazilowa mosavuta chimfine chitadutsa. Anatchulanso za Covid, kuti mu 2021 ofufuza a ku Hong Kong anapeza kuti mabakiteriya ena abwino, monga Faecalibacterium, anali ochepabe mwa odwala ngakhale patadutsa masiku 30 kavairasi katatha. Dzinalo ndinachita kumuuza kuti andilembere pa WhatsApp.

Nanga makapisozi? Apa ndiye anakweza mawu. Sapha vairasi, amangosesa mabakiteriya abwino otsalawo, ndipo pawokha amatsegulitsa m'mimba. Anati ndimwe thanzi ORS, ndidye ngakhale pakamwa pakuwawa, ndipo ndikayamba kubanika kapena thupi likapanda kusiya kutentha ndipite kuchipatala akandiyezenso malungo.

Chomwe chikundisowetsa tulo si m'mimba ayi. N'choti azakhali, amene sanakhudzepo maikulosikopu, matendawo anawatchula bwino kuposa ine wa digiri, ngakhale kuti pa mankhwala anaphonya. Ndipo ndinawaseka pamaso pa ana. Mwina ndi chimfine chomwechi chikundichititsa manyazi chonchi, munthu ukadwala kanthu kalikonse kamakula.

Thobwa ndamwa makapu awiri, ndi lozuna bwino, la mawere. Nsima ya mgaiwa ndadya mtanda umodzi mokakamiza. Makapisozi aja ali pamwamba pa wailesi, onse khumi. Mawa azakhali akamapita kumsika adutsira kuno, ndipo adzayamba n'kuwawerenga. Msuweni wakana, wati nkhani ya amayi ake ndithane nayo ndekha.