Chilumba cha miyendo 6

Musanapitirize kunditumizira zithunzi za nyerere pa WhatsApp, imvaninso mbali yanga, chifukwa zomwe akufalitsa anyamata a ku Mabvuku aja kuno ku Harare, zoti ndinasindikizitsa nyerere pa mapu a Malawi, zathiridwa mchere wambiri.

Mapuwo sindinajambule ine. A tcheyamani a bungwe lathu la maliro ndiwo anandipatsa chipepala chotopa ndi fotokope: dziko la Malawi lakuda, nyanja yoyera, Likoma ndi Chizumulu timadontho tiwiri. Amvekere, "Mwana wanga, iwe ndiwe wa makompyuta, tikufuna zimenezi pa chinsalu ndi pa matisheti a pa 6 Julaye."

Wosindikiza wa m'tauni anakana chithunzi wamba, ati akufuna SVG, fayilo ya mtundu wa vector. Sanalakwe. Chithunzi cha sikana ndi timadontho ta ma pixel, ukachikulitsa chimangosanduka timabokosi. Koma vector ndi mizere yowerengedwa ndi masamu, ungayikoke mpaka kukwana bwalo la Rufaro lonse, m'mphepete mwake mumakhalabe mosalala. Chimene chinandipha ndi chimenecho.

Ndinakasikanitsa pepalalo pa kashopu kena chakufupi ndi Mbare Musika, pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), poti ndine munthu wokonda ntchito yaudongo. Kunyumba ndinatsegula pulogalamu yojambulira ya Inkscape, n'kudina Trace Bitmap, yomwe imasandutsa chithunzi wamba kukhala vector. Mkati mwake mumagwira ntchito Potrace, pulogalamu yomwe anapanga Peter Selinger, ndipo iyo imangodziwa zinthu ziwiri basi: chakuda ndi choyera. Chilichonse chodera kupitirira malire a 0.45 omwe Inkscape imaika imachizunguliza mzere mwaulemu. Sifunsa kuti ili ndi boma la Rumphi kapena ndi mtembo.

Pa galasi la sikana ija panali patafera nyerere. Inasankhanso malo, pakati penipeni pa Nkhata Bay ndi Likoma. Anzanga odziwa zonse akuti bwanji sunachonge Speckles? Ndinachonga! Koma imeneyo imachotsa tizinyalala ta ma pixel 2, pomwe nyerere pa 600 dpi ndi chimphona. Magetsi anali atazima, batire la laputopu likulira, ine ndinaona timadontho m'nyanjamo n'kuti zilumba zilipo.

Tsikulo, mu holo ku Mufakose, anatambasula chinsalu chija. Abale anga, ntchito inagwirika. Nyerere ija inali itakula ngati kamwana ka mbuzi. Miyendo 6, uliwonse ndi bondo lake, osagwedera mzere ngakhale pang'ono. Chiuno chowonda bwino. Tinyanga tiwiri titaloza ku Mozambique. Mwendo umodzi wakumbuyo unali utatsamira pa Chintheche. Holo yonse zii, kupatula mpando wina womwe unkangolira.

Agogo ena a ku Usisya anavala magalasi, n'kusendera pafupi, n'kuyang'anitsitsa. Anachotsa magalasiwo, kuwapukuta ndi chitenje, kuvalanso. Kenaka anatembenukira kwa ine: "Mdzukulu, kodi Ilala imakocheza pamenepa?"

Ine pakamwa panangotuluka kuti, "Agogo, madzi akatsika zilumba zina zimaonekera." Anagwedeza mutu, ndipo ndikukuuzani anali atatsala pang'ono kukhulupirira. Koma kamwana kena kosaleredwa bwino kanakuwa kumbuyo kuti, "Amayi, nyerere!" Amayi a bungwe anagwa nazo m'mipando, aliyense atavala nyerere yakeyake pachifuwa.

Dziwaninso kuti chithunzicho ndinawatumizira a tcheyamani tisanasindikize, ndipo anayankha ndi chala chachikulu. Uthengawo ndinasunga. Komanso ubwino wa vector ndi woti imakonzeka: usiku womwewo ndinasankha timfundo ta nyerereyo, kudina Delete, nyanja mbee. Tisheti yokha ndiyo ilibe batani limenelo.

Pano azakhali a ku Dzivarasekwa aimba kuti akufuna matisheti ena, koma akhale a nyerere, oyerawo ayi. Ndikufufuzabe ngati fayilo yoyamba ija ndinaisunga penapake.