Kufufuza khansa m'magazi: zomwe ndikuphunzira teremu ino

Teremu ino tapatsidwa mutu wa liquid biopsy, ndiko kuti kufufuza khansa m'magazi m'malo modula kanyama pa chotupa. Ndikuwerenga ndili kuno kwathu ku Dedza, ndipo gawo lomwe landigwira mtima ndi la maselo a khansa oyendayenda m'magazi, omwe m'mabuku amawafupikitsa kuti CTC.

Chotupa chikamakula, maselo ena amathothoka n'kulowa m'mitsempha. Ambiri amafera m'njira, koma ochepa amakakhazikika ku chiwindi, m'mapapo kapena m'mafupa, ndipo umu ndi mmene khansa imafalikira. Dokotala wina wa ku Australia, Thomas Ashworth, anawaona mu 1869 m'magazi a munthu yemwe anamwalira ndi khansa. Komatu makina owawerenga, otchedwa CellSearch, anavomerezedwa ku America mu 2004, patadutsa zaka 135. Chinavuta ndi kuchepa kwawo. Mililita imodzi ya magazi imakhala ndi maselo ofiira pafupifupi 5 biliyoni ndi oyera mamiliyoni angapo, pamene a khansa mwina ndi limodzi, akachuluka khumi. Kuli ngati kusaka nyemba imodzi m'nkhokwe yodzaza chimanga.

Nzeru yomwe anapeza ndi yosiririka. Amatenga magazi mamililita 7.5 n'kuthiramo tizitsulo tosaoneka ndi maso, tomatidwa ma antibody (mapuloteni omata pa chinthu chimodzi chokha) ogwira puloteni ya EpCAM, yomwe imakhala pakhungu la maselo ambiri a khansa koma pa maselo a magazi palibe. Maginito akakoka, amabwera ndi selo lomwe lagwidwa. Kenako amathira utoto: lokhala ndi puloteni ya CD45 ndi selo loyera, amalisiya, lokhala ndi puloteni ya cytokeratin amaliwerenga ngati la khansa. Kwa mayi wa khansa ya m'mawere yofalikira, maselo 5 kapena kuposa amasonyeza kuti matenda akuthamanga. Pa khansa ya m'matumbo malire ake ndi 3.

Apa anzanga m'kalasi tisamale. Selo la khansa likamakonzekera ulendo limatha kusintha n'kuchepetsa EpCAM, maginito n'kulidutsa. Komanso khansa yongoyamba kumene simataya maselo ambiri. Kusapeza selo si umboni woti munthu alibe khansa. Ine ndaona kuti njirayi imathandiza kwenikweni kutsatira ngati mankhwala akugwira ntchito mwa wodwala wodziwika kale. Kwa mayi wa ku Mayani lero, chopezera msanga khansa ya khomo la chiberekero chikadali kuyezetsa kwa viniga kuja kapena kwa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi.

Gawo lachiwiri ndi la timatumba tomwe maselo amatulutsa, ma extracellular vesicles. Tating'ono kwambiri, ma exosome, timakula mananomita 30 mpaka 150 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi). Rose Johnstone wa ku Canada anatipeza m'zaka za m'ma 1980 m'maselo ofiira osakhwima a nkhosa, ndipo anthu ankati ndi zinyalala za selo basi. Mu 2007 ofufuza a ku Sweden anasonyeza kuti timanyamula RNA, uthenga wa majini a selo, kupita ku maselo ena, ndipo mu 2008 RNA ya chotupa cha mu ubongo inapezeka m'timatumba ta m'magazi a odwala. Timeneti n'tambirimbiri, koma maselo abwinobwino nawonso amatitulutsa, ndipo kutipatula kumafuna makina otchedwa ultracentrifuge, ozungulira maola pa mphamvu ya 100,000 g, ndiko kuti mphamvu yokoka ya dziko kuchulukitsa ka 100,000.

Chondiganizitsa ndi ichi. Kanyama kodulidwa kuno kamayenera kukaonedwa ndi akatswiri ku Lilongwe, ku Kamuzu Central Hospital, ndipo odziwa kudula sapezeka paliponse. Magazi ndiye namwino wa pachipatala chaching'ono amatenga tsiku lililonse, ndipo a viral load (oyeza kuchuluka kwa HIV) amayenda kale pa njinga zamoto. Vuto lili pa nthawi. Machubu a CellSearch ali ndi mankhwala osunga maselo mpaka maola 96, koma magazi akakhalitsa m'chubu wamba, ma platelet, tizidutswa toundanitsa magazi, amatulutsa timatumba tawo n'kusokoneza zotsatira. Ndiye lipoti langa ndaliika pa funso limeneli: magazi otengedwa m'kutentha kwa ku Mtakataka apatulidwe plasma (madzi a m'magazi) pomwepo, kapena angapirire mpaka atakwera Golomoti kufika pa boma?