Zikomo amisiri a ku Biwi, Hilux yabwerera pamsewu

Tikuthokoza kuchokera pansi pa mtima akuluakulu owotcherera a ku Biwi ku Lilongwe amene mwalumikiza bellhousing (chigoba cholumikiza injini ndi giyabokosi) ya Hilux yathu yonyamula odwala, imene inang'aluka pafupi ndi pomanga sitata. Tithokozenso nonse munasonkha ndalama ya gasi wa argon ndi ndodo zowotcherera.

Chatikhudza kwambiri, bambo athu, ndi choti simunathamangire moto. Bellhousing iyi ndi ya aluminiyamu woumba, ndipo aluminiyamu wotere amamwa oyilo. Mukawotcherera musanamuchotse, oyiloyo amabwatamuka, msoko n'kudzaza timabowo. Inu munaitsuka, munaiwamba mpaka oyilo analeka kutuluka, kenako munaikwecha ndi burashi ya stainless yosagundapo chitsulo china. Kumapeto onse a mng'alu munaboola ndi dirilo ya mamilimita 4 kuti usapitirire, munakumba ngalande ya V, n'kuitenthetsa yonse pafupifupi madigiri 150 Celsius musanayambe TIG (kuwotcherera kwa magetsi ndi gasi wa argon) pa AC (magetsi osinthasintha mbali) ndi ndodo ya aluminiyamu ya 4043. Pamwamba munaikapo puleti ya aluminiyamu ya mamilimita 6, ngodya zake zozunguliza, chifukwa ngodya yakuthwa ndi pamene mng'alu watsopano umayambira. Ena amatenga chitsulo wamba kuti awotcherere pamenepo. Sichigwirana ndi aluminiyamu. Chochirikiza chachitsulo chimafunika kumanga ndi mabawuti basi.

Nzeru yomangirira bellhousing pa buloko ya injini yakufa nthawi yonse yowotcherera, mpaka itazizira yokha osaithira madzi, ndi imene yapulumutsa giyabokosi. Kutentha kumapinda nkhope ya bellhousing yogundana ndi injini. Ikapindika, shafti ya giyabokosi siyang'anananso ndi crankshaft (shafti yaikulu ya injini): pilot bearing (beringi yogwira nsonga ya shafti ya giyabokosi) imatha msanga, kilatchi imanjenjemera, magiya amavuta kulowa. Mutamanga munayeza ndi dial gauge (choyezera kupatuka kochepa kwambiri) kuti bowo lapakati lisapatuke kupitirira mamilimita 0.13.

Amakaniko amene munalowa pansi pa galimoto, Mulungu akudalitseni, chifukwa munapeza gwero lake. Dowel imodzi mwa ziwiri (timapini tolunjikitsa bellhousing pa injini) inali itasowa, ndipo labala la mounting ya giyabokosi linali litaduka, kotero bampu iliyonse ya msewu wafumbi inkathera pa bellhousing. Mukanangowotcherera osasintha zimenezi, ikanang'alukanso pambali pa puleti. Mwatiuza kuti tikaonenso mabawuti ndi msoko galimoto ikayendako pang'ono, ndipo tibwera nayo.